Makina Akaleka Kulankhulana: M'mene Mmisiri Amapezera Bvuto

M'phunziro lathu la sayansi lero tituluka m'kalasi pang'ono, tipite m'maganizo kumalo kumene makina akuluakulu agwira nchito usana ndi usiku. Ganizani za malo oyeretsera madzi a Iolanda pafupi ndi tauni ya Kafue, kumene madzi a mumtsinje wa Kafue amapopedwa kupita ku Lusaka. Ganizani za mgodi wa Konkola ku Chililabombwe, umodzi wa migodi ya madzi ambiri koposa pa dziko lonse, kumene mapampu amatulutsa madzi oposa makyubiki mita 300,000 tsiku ndi tsiku kuti anthu agwire nchito pansi osamira. Ganizaninso za fakitale ya shuga ku Nakambala, kufupi ndi Mazabuka, ndi ya simenti ku Chilanga.

M'malo otere munthu sangaime pa pampu iriyonse ndi pa mpopi uliwonse kuti azitsegula ndi kutseka ndi manja. Makinawo amayendetsedwa ndi makina anzao, ndipo makina amenewa ayenera kulankhulana kosalekeza. Tsono funso lathu lero ndi ili: tsiku limene makinawo aleka kumvana, kodi mmisiri woitanidwa kudzakonza amayambira pati? Cherani khutu, pakuti njira imene iye atsata idzakuthandizani inunso pa mabvuto ambiri, ngakhale amene sakhudza makina konse.

Kapitao ndi kalaliki

Poyamba tidziwe amene alankhulanawo. Woyamba ndi kabokosi kokhala m'kabati yacitsulo pafupi ndi makina. Amisiri amakacha PLC. Kabokosika kali ngati kapitao wa pa nchito. Kamalandira mau kucokera ku tizipangizo toyeza madzi, kutentha kapena kulemera kwa zinthu, ndipo potsata malamulo amene kanalembedwera, kamayatsa kapena kuzimitsa mota, kutsegula kapena kutseka paipi. Kamabwereza nchito imeneyi kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo sikatopa kapena kuodzera.

Kale nchito imeneyi inali kucitidwa ndi timaswichi mazanamazana tochedwa relay, tolumikizidwa ndi mawaya odzaza makabati. Pofuna kusintha kagwiridwe ka makina, amisiri anali kumasula mawayawo ndi kuwamanganso, ndipo fakitale inali kuima masiku ambiri. M'caka ca 1968 kampani yopanga galimoto ya General Motors ku America inapempha kuti papezeke cipangizo cimene cingasinthidwe mwa kungolemba malamulo atsopano. Kagulu ka mainjiniya ka Bedford Associates, kamene mmodzi wa atsogoleri ake anali Dick Morley, kanapanga cipangizo cochedwa Modicon 084. Anacipatsa nambala 084 cifukwa inali nchito ya 84 imene kaguluko kanagwira. Ici ndico cimawerengedwa kukhala kholo la ma PLC onse a lero.

Waciwiri ndi pulogalamu ya m'kompyuta yokhala m'cipinda coyang'anira, imene kawirikawiri imachedwa SCADA. Iyi ili ngati kalaliki wa mu ofesi. Siigwira pampu ndi manja ake ai. Nchito yake ndi kufunsa kapitao kuti zinthu ziri bwanji, kujambula mayankho pa sikirini kuti munthu woyang'anira aone, kusunga kaundula, kuliza belu pakakhala ngozi, ndi kupereka kwa kapitao malamulo a munthuyo. Pakati pa awiriwa pali njira ya mawaya ndi timabokosi togawa mauthenga, ndiyo imene timacha netiweki.

Ngozi ya nambala yakale

Tiyerekeze kuti pali tauni imene thanki yake ya madzi iri paphiri, ndipo pampu iri kumtsinje. Thankiyo ndi yakuya mamita 4. PLC inauzidwa kuti madzi akatsika kufika pa mita imodzi iyatse pampu, akakwera kufika pa mamita 3 ndi theka iizimitse. M'mawa pa 6 koloko sikirini ya m'cipinda coyang'anira ionetsa kuti m'thanki muli madzi a mamita 3. Nthawi yomweyo njira ya mauthenga iduka.

Kodi muganiza kuti PLC iima? Iai. Kapitao apitiriza nchito yake ngakhale kalaliki wasiya kumfunsa. Koma munthu wa m'cipinda uja tsopano wakhala ngati wakhungu. Pampu itapsa pa 8 koloko, belu silidzalira kwa iye. Madzi adzatsika, mipopi ya kucipatala ndi ya kusukulu idzauma, koma sikirini ingakhale ikali kunena kuti muli mamita 3, pakuti imeneyo ndiyo nambala yomaliza imene inamva. Nambala yakale imafanana ndithu ndi nambala yoona, ndipo apa ndipo pagona ngozi. Cifukwa cake pulogalamu yokonzedwa bwino imaika cizindikiro, monga kufafaniza nambalayo kapena kusintha mtundu wake, ikaona kuti yankho silinabwere. Amisiri ena amauza PLC kuti iziwerenga 1, 2, 3, 4 kosalekeza, kuti kuwerengako kukaima pa sikirini, aliyense adziwe kuti mau aduka. Kuwerenga kumeneku kuli ngati kugunda kwa mtima.

Afunsa asanagwire

Mmisiri wafika. Munthu wosadziwa angathamangire kuzimitsa zonse ndi kuziyatsanso, kapena kugula kabokosi katsopano ka ndalama zambiri. Mmisiri wodziwa amayamba waika zida zake pansi, nafunsa anthu a pamalopo mafunso atatu, pakuti akulu anati safunsa anadya phula.

Funso loyamba: kodi makinawa anayamba alankhulanapo? Ngati ndi atsopano ndipo sanamvanepo ciyambire, kawirikawiri colakwa cimakhala m'zimene zinalembedwa powakonza. Ngati anali kumvana zaka zisanu ndipo aleka lero, ndiye kuti pali cimene caonongeka kapena casinthidwa.

Funso laciwiri: kodi casintha nciani? Kodi kunagwa mvula yamphezi usiku? Kodi magetsi anazima? Kodi kunabwera anthu okumba ngalande, kapena wina analumikiza kompyuta yatsopano dzulo? Makina saleka kulankhula popanda cifukwa, ndipo cifukwaco nthawi zambiri cimabisala m'cimene cinacitika pomaliza.

Funso lacitatu: kodi yakhala cete ndi PLC imodzi yokha, kapena zonse? Ngati pali ma PLC khumi ndipo yasowa ndi imodzi, mmisiri apita kwa imodziyo. Ngati zasowa zonse pamodzi, n'kobvuta kuti zonse khumi zife mphindi imodzi, motero aunika cimene zonsezo zigwiritsa nchito pamodzi, ndiye kompyuta, kapena bokosi logawa mauthenga limene amisiri amalicha swichi. Mabanja onse a m'mudzi akadwala m'mimba tsiku limodzi, sitiyamba kufufuza miphika ya nyumba iriyonse. Tiyamba tapita kucitsime.

Akamva mayankho, mmisiri ayamba kukwera makwerero. Ayambira pa mtanda wapansi, pa zinthu zooneka ndi maso, ndipo saponda mtanda wapamwamba asanatsimikize kuti wapansi ngwolimba.

Mtanda woyamba: magetsi ndi waya

Kodi PLC iri ndi magetsi? Funsoli lioneka lopepuka, koma mabvuto ambiri amathera pomwepa. Ma PLC ambiri amayendera magetsi ocepa a mavolti 24, ndipo kafyuzi kamodzi kakapsa, kapitao agona tulo. Mmisiri ayang'ana tinyale ta pa kabokosiko. Kawirikawiri kobiriwira kanena kuti zonse ziri bwino, kofiira kanena kuti pali bvuto.

Kenaka ayang'ana waya wa mauthenga. Mtundu wofala koposa wa netiweki ndi Ethernet, imene Robert Metcalfe ndi anzake anaiyamba ku Xerox PARC, ku California, m'caka ca 1973. M'kati mwa waya wake wamasiku ano muli timawaya tamkuwa 8, topotana tiwiritiwiri ngati cingwe ca khonje. Pamene waya alowera pali kanyale kamene kamayaka ngati mbali ziwirizo zaonana, ndipo kamaphethira mauthenga akamadutsa. Kanyaleko kakakhala kozima, palibe cifukwa cotsegulira kompyuta ndi kufufuza m'mapulogalamu. Njira yeniyeniyo ndiyo yaduka.

Adani a waya ndi ambiri. Makoswe amamtafuna, madzi amalowa m'malumikiziro n'kubweretsa dzimbiri, kunjenjemera kwa makina kumamasula pulagi pang'onopang'ono, ndipo mphezi ya m'dzinja imaocha malo olowera waya. Palinso malire a utali: waya wamkuwa wa Ethernet sayenera kupitirira mamita 100, ndiko kunena pafupifupi utali wa bwalo la mpira. Akapitirira, mau amafika ofooka, ndipo makina amamvana nthawi zina, nthawi zina ai.

Mdani wina saoneka ndi maso. Waya wamkulu wopereka magetsi ku mota amabalalitsa mphamvu ina mozungulira, ndipo waya wa mauthenga akagona pafupi naye, mauthenga amasokonezeka, monga m'mene simungamvere mnzanu bwino mutaima pafupi ndi cigayo. Kupotana kwa timawaya tija kumacepetsa phokoso limeneli, koma sikulithetsa lonse. Cotero mmisiri akamva kuti bvuto limabwera pokhapokha pampu yaikulu ikayaka, adziwa kumene angayang'ane. Adzalekanitsa mawayawo, kapena adzaika ulusi wagalasi wochedwa fibre, umene umanyamula mauthenga ndi kuwala. Ulusi umenewu sumva phokoso la magetsi, ndipo umafika makilomita ambiri.

Mtanda waciwiri: keyala

Waya ali bwino, tinyale tiyaka, koma makina akali osamvana. Tsopano mmisiri afunsa za keyala. Inu mudziwa kuti kalata yopanda keyala yolondola siifika, ngakhale mseu ukhale wosalala bwanji. Cipangizo ciriconse pa netiweki ciri ndi keyala yake yochedwa IP. Keyala ya mtundu wofala m'mafakitale iri ndi manambala anai olekanitsidwa ndi timadontho, ndipo nambala iriyonse iri pakati pa 0 ndi 255. Aphunzitsi, lembani pa bolodi citsanzo ici: 192.168.1.10.

M'manetiweki ang'onoang'ono ambiri, manambala atatu oyamba ali ngati dzina la mudzi, ndipo yomaliza iri ngati nambala ya nyumba. Ngati kompyuta iri pa 192.168.1.10 ndipo PLC iri pa 192.168.1.20, ziri m'mudzi umodzi, ndipo zingaitanane mwacindunji. Koma ngati PLC iri pa 192.168.2.20, yang'anitsitsani nambala yacitatu: uwu ndi mudzi wina. Ngakhale ziwirizo zikhale pa thebulo limodzi, sizidzamvana pokhapokha pakhale cipangizo coolotsa mauthenga kucoka m'mudzi uwu kupita m'mudzi uwo. Nambala imodzi yolakwika ikwanira kutontholetsa fakitale.

Bvuto lina lozunguza mutu ndi la zipangizo ziwiri zopatsidwa keyala imodzi. Ziri ngati nyumba ziwiri zokhala ndi nambala imodzi pa mseu umodzi: makalata ena apita uku, ena uko. Makina amvana mphindi zingapo, aleka, amvananso. Poyesa, mmisiri azula waya wa PLC imene afuna, naitananso keyala yomweyo. Ngati pali cimene cayankha pamene mwini keyala wazulidwa, ndiye kuti pali mlendo amene wabvala dzina la mwini.

Mtanda wacitatu: kuodira

Kodi mmisiri amaitana bwanji keyala? Ali ndi kapulogalamu kakang'ono kochedwa ping, kamene Mike Muuss wa ku America anakalemba m'caka ca 1983. Anakapatsa dzinali potengera kulira kwa cipangizo cimene zombo zimatumizira liu m'madzi ndi kumvetsera kubwerera kwake. Mmisiri alemba liu lakuti ping pamodzi ndi keyala ya PLC. Kompyuta itumiza kauthenga kafupi, ngati munthu woima pabwalo n'kunena kuti "Odi!" PLC ikakhalapo iyankha, monga mwini nyumba amene ati "Odini!" Kompyuta ionetsanso nthawi imene yankho latenga, imene m'fakitale imakhala kacigawo kakang'ono kwambiri ka sekondi.

Ngati pa maulendo khumi mayankho abwera asanu ndi awiri okha, mmisiri abwerera ku mtanda woyamba, pakuti cizindikiro cotere cimaloza ku waya wodwala, phokoso la magetsi, kapena njira yodzaza mauthenga. Ngati mayankho onse abwera, adziwa kuti mseu ngwabwino ndipo nyumba yapezeka. Koma kuyankha odi sikunena kuti mlendo walowa m'nyumba.

Mtanda wacinai: khomo ndi mlonda

Nyumba yaikulu, monga cipatala, iri ndi makomo ambiri, ndipo khomo lirilonse liri ndi nchito yake. Momwemonso cipangizo ca pa netiweki ciri ndi makomo okhala ndi manambala, amene amisiri amawacha port. Cinenero ca makina cochedwa Modbus cimalowera pa khomo la 502. Ma PLC a mtundu wa S7 a kampani ya Siemens amalandirira alendo pa khomo la 102. Cinenero ca OPC UA kawirikawiri cimagwiritsa nchito khomo la 4840. Pulogalamu ikagogoda pa khomo lolakwika, siidzatsegulidwa.

Pa makomo amenewa pamakhalanso mlonda wochedwa firewall, amene amalola alendo olembedwa m'buku lake okha. Nthawi zina kompyuta ikalandira mapulogalamu atsopano, mlondayo amatseka khomo limene linali lotsegula. Mmisiri waulesi angathamangitse mlonda kotheratu kuti zinthu ziyende msanga. Mmisiri wanzeru amangolembetsa mlendo woyenerayo pa khomo limodzi lofunikalo, ena onse akhale otseka.

Cifukwa cake nciani? M'caka ca 2010 akatswiri anatulukira pulogalamu yoononga yochedwa Stuxnet. Inali kufalikira kudzera m'timafulashi tonyamulira zinthu za m'kompyuta, ndipo inapangidwa kuti isokoneze ma PLC a Siemens. Inaononga makina ozungulira mofulumira pa malo a nyukiliya a Natanz ku Iran, uku ikubisa zocita zake kuti oyang'anira aziona ngati zonse ziri bwino. Kuyambira pamenepo dziko linadziwa kuti mbala ingalowe m'fakitale kudzera pa waya. Cotero mlonda sacotsedwa pakhomo, ndipo kafulashi kosadziwika kumene kacokera sikalowetsedwa m'kompyuta yoyang'anira makina.

Mtanda wacisanu: cinenero

Mlendo walowa m'nyumba. Kodi amvana ndi mwini nyumba? Munthu wolankhula Silozi cokha ndi wolankhula Cinyanja cokha angakhale pa mphasa imodzi tsiku lonse osamvana kanthu. Makina nawonso ali ndi zinenero zambiri, monga Modbus, PROFINET ndi EtherNet/IP, ndipo mbali zonse ziwiri ziyenera kusankha cimodzi.

Titenge Modbus, cinenero cimene kampani ya Modicon inatulutsa m'caka ca 1979, ndipo cikali kugwira nchito m'mafakitale ambiri cifukwa n'copepuka. Mwambo wake ngwakuti kalaliki afunsa, kapitao ayankha. Wosafunsidwa sayamba nkhani. Kalaliki akafunsa amadikira kanthawi koikika, ndipo yankho likacedwa amalemba kuti kapitao wasowa. Motero nthawi yodikirayo ikaikidwa yaifupi kwambiri, kapitao wamoyo ndithu adzalembedwa kuti wasowa.

Modbus imayendanso pa waya wa mtundu wakale wochedwa RS-485, amene angafike mamita 1,200. Pa waya ameneyu cipangizo ciriconse cimapatsidwa nambala kuyambira 1 kufika 247, ndipo zonse ziyenera kulankhula pa liwiro limodzi, monga 9,600 kapena 19,200 pa sekondi. Cimodzi cikalankhula mofulumira kuposa cinzake, comveka ndi phokoso cabe. Timawaya take tiwiri tikasinthanitsidwa polumikiza, sipamveka kanthu.

Pano pali nzeru imene ndifuna muisunge. Nthawi zina PLC imayankha mokana. Mu Modbus, yankho lokana la nambala 1 litanthauza kuti siidziwa nchito imene yapemphedwa, ndipo la nambala 2 litanthauza kuti malo amene afunsidwawo kulibe. Munthu wosadziwa akhumudwa poona yankho lotere, koma mmisiri akondwera. Wokana wamva. Ndiye kuti magetsi, waya, keyala ndi khomo ziri bwino, ndipo cotsala ndi kukonza funso lokha. Yankho lokana liphunzitsa zambiri kuposa kukhala cete.

Mtanda womaliza: tanthauzo

Tsopano manambala aoneka pa sikirini. Kodi mmisiri anyamule cikwama cake azipita? Asafulumire. Ayenera kutsimikiza kuti nambalayo inena zoona. PLC imasunga manambala ake m'timabokosi tondandalikana ngati madiresi a m'kabati. Mabuku ambiri a makina amawerenga timabokosito kuyambira pa 1, koma uthenga wa Modbus woyenda m'waya umawerenga kuyambira pa 0. Cifukwa ca kusiyana kumeneku, pulogalamu ingatsegule kabokosi koyandikana ndi kamene ifuna, n'kuonetsa kutentha kwa mota pamalo pa kuya kwa madzi.

Ndiponso nambala payokha siinena muyeso wake. PLC ikatumiza 250, kodi ndi masentimita 250, kapena malita 250? Mbali ziwirizo ziyenera kupangana. Njira yotsimikizira ndi imodzi: munthu apite ku thanki, ayeze madzi ndi maso ake, ayerekeze ndi zimene sikirini inena. Zikafanana, nchito yatha.

Malamulo atatu a mmisiri

Lamulo loyamba ndi kugawa njira pakati. Tinene kuti kucokera m'cipinda coyang'anira kufika ku PLC pali zigawo 8 za waya, ndipo cimodzi caduka. Kuyesa cimodzicimodzi kungatenge maulendo 7. Mmisiri apita pakati, pambuyo pa cigawo cacinai, nayesa pamenepo. Mau akafika, ndiye kuti zinai zoyambazo ziri bwino, ndipo zokaikitsa zatsala zinai. Agawanso pakati, zitsala ziwiri. Agawanso, citsala cimodzi. Maulendo atatu okha akwanira.

Lamulo laciwiri ndi kusintha cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, ndi kulemba m'buku cimene wasintha. Ukasintha waya, keyala ndi swichi pamodzi, makina n'kuyamba kumvana, sudziwa cimene cinali kudwala, ndipo bvuto likadzabwera mawa udzayambanso pa ciyambi. Ukasintha cinthu osathandiza, ucibwezere monga cinaliri usanapite pa cina. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bukulo lidzathandizanso mmisiri amene adzabwera pambuyo pako.

Lamulo lacitatu liposa onse: moyo wa munthu uposa makina. Kumbukirani kuti kapitao uja sagona pamene kalaliki wakhala cete. Pampu yoima ingayake mwadzidzidzi, ndipo njira ya mauthenga ikalumikizidwanso, lamulo locokera ku kompyuta lingafike nthawi yomweyo. Cotero mmisiri sazimitsa kapena kuyatsa PLC asanauze woyang'anira makina. Asanagwire mota kapena mawaya a magetsi, azimitsa swichi yaikulu, aikapo loko wake ndi cikwangwani ca dzina lake, nasunga kiyi m'thumba mwake.

Inunso ana muli ndi mbali yanu. Mukaona kabati yacitsulo pafupi ndi pampu, thanki kapena mtengo wa magetsi, musaitsegule ndipo musasewerepo. Mukaona waya wofukulidwa pansi, kapena anthu akudula mawaya kuti akagulitse mkuwa, musawayandikire, koma kauzeni aphunzitsi kapena makolo. Waya mmodzi wobedwa angaumitse mipopi ya tauni yonse.

Zocita m'kalasi

Aphunzitsi, phunziro likatha tulukani ndi ana pabwalo. Imikani ana 8 pa mzere, motalikirana. Kumapeto kwina ikani mwana mmodzi akhale kalaliki, kwinako wina akhale kapitao. Kalaliki alembe funso pa kapepala, monga lakuti "Madzi ali pati?", ndipo kapepalako kadutse m'manja mwa onse kufikira kwa kapitao, yankho libwerere momwemo. Kenaka nong'onezani mwana mmodzi wa pa mzere kuti azibisa timapepala tonse tofika kwa iye. Sankhani mwana wina akhale mmisiri. Iye aloledwa kufunsa ana atatu okha funso lakuti "Kodi kapepala kanakufika?" Onani ngati adzayambira pakati.

Bwerezani sewerolo ndi mabvuto ena. Ulendo wina pakhale akapitao awiri a dzina limodzi. Ulendo wina funso lilembedwe m'cinenero cimene kapitao sadziwa. Ulendo winanso kapitao ayankhe nambala yopanda muyeso. Nthawi iriyonse ana anene kuti bvutolo liri pa mtanda uti wa makwerero.

Pomaliza ana ayankhe mafunso awa m'mabuku ao:

1. Kodi nchito ya PLC isiyana bwanji ndi ya pulogalamu ya m'cipinda coyang'anira?
2. Cifukwa ninji nambala yakale pa sikirini iri yoopsa?
3. Chulani mafunso atatu amene mmisiri afunsa asanagwire kanthu.
4. Kompyuta iri pa 192.168.1.10. Kodi ndi keyala iti imene iri m'mudzi umodzi nayo: 192.168.1.35 kapena 192.168.5.10?
5. Ngati njira iri ndi zigawo 16, kodi mmisiri wogawa pakati adzayesa kangati?

Ana inu, mawa tochi ya kunyumba ikakana kuyaka, kapena samu ikakana kutuluka, musaitaye ndipo musangolota yankho. Funsani cimene casintha, yambirani pa copepuka, yesani cimodzi pa nthawi imodzi, ndipo lembani zimene mwapeza. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Migodi, mafakitale ndi malo opopera madzi a dziko lathu afuna anyamata ndi atsikana a mtima wodekha wotere, ndipo ena mwa iwo akhala m'kalasi mwanu lero lomwe.